Chilolezo cha Tadala

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu Atate, amene wandisunga mpaka tsitsi langa layera, nandisiyira maso oti ndizionabe zolemba ngakhale ndi magalasi. Ndimthokoza chifukwa cha bambo anu, amene tayenda nawo mtunda wautali osatayana panjira. Ndimthokoza chifukwa cha inu ana anga, Limbani, Chisomo ndi Tadala, ndi zidzukulu zimene zimandithera mayunitsi m'foni. Ndimthokozanso chifukwa cha ntchito, pakuti ndinadya thukuta langa osapemphetsa. Zonsezi sindinagule. Ndinangopatsidwa.

Mutu uno ndalemba chifukwa cha nkhani imodzi imene imanenedwa mwachidule pabanja pathu. Mumati amayi anasiya ntchito ya malipiro abwino ku Blantyre chifukwa Mulungu anawaitana. N'zoona, koma si zonse. Kuitanidwako kunali kwanga, koma wosenza katundu wake anali mtsikana wa Fomu 3, ndipo ndinamulonjeza kuti akakana sindisuntha phazi. Iye anakana. Kuti mumve mmene tinafikira pamenepo, ndiyenera kuyambira pa mpando wanga woyamba.

Mangochi boma, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali yolumikiza matelefoni, m'kachipinda kuseri kwa positi ofesi. Zidzukulu zanga, masiku amenewo munthu sankadziimbira yekha kumene akufuna. Ankapukusa chogwirira cha lamya yake, kwa ife kunkalira belu, ife n'kufunsa amene akumufuna, kenako n'kutenga chingwe n'kuchilowetsa pa bowo la munthuyo. Anthu ankatitchula maopareta. Kachipindako kankatentha ngati uvuni mwezi wa Okutobala, koma mkulu wathu, a Kamwendo, sankavula tayi. Anali bambo wamfupi, wa mawu otsika, ndipo tsiku loyamba anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Mwanawe, khutu lako lidzamva za maukwati a anthu, za milandu, za matenda. Pakamwa pako pakhale ngati pa chambo. Kutsegula, kutseka, koma mawu osatuluka."

Zosowa zinali zambiri. Mizere yotuluka m'boma lathu inali yochepa, ndipo mvula ikagwetsera mtengo pa waya cha ku Ulongwe tinkakhala ngati pachilumba. Zingwe zikayamba kunyenyeka, zatsopano sizinkabwera, ndiye a Kamwendo ankapempha ulusi wa ukonde kwa asodzi n'kumazikulunga okha. Mabwana a m'maofesi sankamva zimenezo. Wina anandikalipira tsiku lina mpaka misozi inalengeza, akufuna Blantyre pomwe waya unali pansi. "Ndiuze dzina la amene akundichedwetsa!" A Kamwendo ananditenga chomvera m'manja n'kuyankha mwaulemu wonse kuti, "Bwana, dzina lake ndi Mvula. Ikangosiya ndiiuza kuti munaifuna."

Koma chimene anandiphunzitsa koposa ndi kanyamulidwe ka uthenga wa maliro. Anthu ambiri analibe lamya kunyumba, choncho uthenga wochokera ku Zomba, ku Halale kapena ku migodi unkafikira kwa ife. Lamulo la a Kamwendo linali lomwe la makolo athu: uthenga wotere sauza mwini wake ali yekha, ali chiimire, kapena ali panjira. Tinkatuma mesenjala wa njinga kukaitana malume kapena mkulu wina wa pabanjapo. Iyeyo ndiye ankamva, n'kufunsa mafunso mpaka kutsimikiza, n'kupita kukakhazika mwini wake pamphasa, anthu atamuzungulira. "Waya amathamanga kuposa mtima wa munthu," ankatero a Kamwendo. "Ntchito yathu ndi kuuchedwetsa pang'ono kuti mtima uupeze." Ndikawerenga za Davide atakhala pachipata kudikira mbiri ya mwana wake Abisalomu, amithenga akubwera mothamanga, ndinkati mumtima, ntchito yathu ndi yakale ndithu.

Monkey Bay, m'zaka za m'ma 1990

Nditakwatiwa ndi bambo anu, amene ankakonza injini za maboti, ndinapempha kusamukira ku Monkey Bay, ndipo anandilola. Kumeneko tinamanga kanyumba kathu kaja, ndipo Mulungu anatipatsa mnansi, Abiti Yusufu, mayi wa Chisilamu wogulitsa usipa. Mwamuna wake anamira panyanja ndi mphepo ya mwera, n'kumusiyira mwana mmodzi, Saidi, wa msinkhu wa Limbani. Anyamata awiriwo anakulira m'mbale imodzi. Ine ndikakhala ku ntchito, Abiti Yusufu ankakuphikirani ngakhale mwezi wa Ramadani, iye mwini asakulawa ndi madzi omwe. Tinkanyozana ngati pachibale. Tikachokera kokonzekera kwaya ankandiuza kuti, "Amake Limbani, inu Akhristu mumakuwa bwanji? Mulungu si wogontha." Ine n'kuyankha, "Nanga inu achemwali, amene mumamudzutsa mbandakucha tsiku ndi tsiku?" Kenako tinkakhala pansi n'kumasankha nyemba.

Tsiku lofika sitima ya Ilala kunkakhala mzere pa khonde la ofesi, aliyense kufuna kuuza abale kuti wafika bwino. Asodzi ena ankakuwa pa lamya poganiza kuti Nkhata Bay ndi kutali. Ndinkaikonda ntchitoyo. Koma kunabwera makina odzilumikiza okha, ndipo mipando ya maopareta inayamba kuchotsedwa umodziumodzi. A Kamwendo anali atapuma kale. Nditawayendera ku Mangochi kukawadandaulira, anaseka n'kunena kuti, "Makinawo akadzaphunzira kunena kuti pepani, udzandiuze."

Blantyre, kuyambira m'zaka za m'ma 2000

Mafoni a m'manja atafala, kampani ina ya mafoni ku Blantyre inkafuna anthu oyankha makasitomala, makamaka odziwa Chiyao. Ndinalembedwa, tinasamuka, bambo anu n'kupeza malo pa galaja ina ya magalimoto. Patapita zaka anandikweza kukhala woyang'anira gulu. Ndinene mosabisa, malipiro anali abwino. Tinkakhala m'nyumba ya magetsi ku Chilomoni, tikadwala kampani inkatilipirira chipatala, Limbani ndi Chisomo anamaliza maphunziro awo, ndipo chitsiriza wathu Tadala analowa sukulu ya sekondale yolipira, ya labotale ndi chipinda cha makompyuta. Mwanayo ankakonda makompyuta ngati mmene bambo ake amakondera injini.

Anzanga a ku ntchito anali ana a msinkhu wa ana anga. Ankayenda ndi timawaya m'makutu, ankadya ali pa kompyuta, ndipo foni yatsopano ikatuluka ankaizungulira ngati khanda lobwera kuchokera kuchipatala. Ndinawakonda, iwonso ankandisamala. Bwana wathu, a Jere, anali mnyamata wa ku Mzimba, wanzeru ndi waulemu, ndipo sankanditchula dzina, ankangoti Amayi. Kompyuta inkafuna kuti mawu achinsinsi otsegulira tizisintha mwezi ndi mwezi. Ine ndinkatenga mayina a mizinda imene mtumwi Paulo anayendamo. Anyamata okonza makompyuta atazindikira, ankandifunsa m'khonde kuti, "Amayi, mwezi uno muli pati?" Ine n'kuti, "Ndachoka ku Efeso, mwana wanga, koma kumene ndapita sindikuuza."

Chinthu chimodzi chokha chinkandilemera. Pakhoma panali chikwangwani cha magetsi choonetsa nthawi imene aliyense wathera pa kasitomala mmodzi. Ukachedwa, dzina lako linkafiira. Agogo ena ankayamba ndi kufunsa za moyo wako, za ana, za mvula, asanafike pa vuto la foni, ndipo ntchito yanga inali yophunzitsa ana aja kuwadula mawu mwaulemu. Ndinkaphunzitsa bwino ndithu. Koma pobwerera kunyumba mu minibasi ndinkamva ngati ndameza fupa la nsomba.

Chaka cha zipolowe za ku Joni

Mukudziwa kuti kwathu kunyanja palibe mudzi wopanda mwana ku Joni. Saidi nayenso anapita, n'kupeza ntchito pa shopu. Anatumizira amayi ake foni ya galasi lalikulu, n'kuwalowetsa m'gulu la pa foni la anyamata a kwathu okhala kumeneko, kuti aziona zithunzi, pakuti Abiti Yusufu sadziwa kuwerenga. Chaka chimenecho kunabuka zipolowe zothamangitsa alendo. Wailesi inkanena zake, koma mafoni ankanena zambiri kuposa wailesi. Zithunzi zinkayenda foni ndi foni, zina zoona, zina zakale, zina za maiko ena kumene.

Ine ndinali pa tchuthi cha Pasaka ku Monkey Bay. Tsiku lina masana ndikuchokera kumsika, ndinamva munthu akundiitana. Anali Abiti Yusufu, akubwera mothamanga, foni ili m'manja, akumwetulira.

"Amake Limbani, Mulungu wakutumani. Chinthuchi chakhala chikulira kuyambira m'mawa. Taonani mmene wanenepera mwana wanu Saidi! Anzake alemba zambiri pansipa. Kapena wapeza mkazi? Tandiwerengereni."

Ndinalandira foniyo. Panali chithunzi cha Saidi atavala mkanjo woyera, akuseka. Pansi pake panali mawu aja a Chiarabu amene anzathu amanena munthu akamwalira, atalembedwa ndi anthu ambiri motsatizana, ndi tinkhope tolira. Tinali pamsewu, padzuwa, minibasi zikuitanira anthu a ku Mangochi.

"Achemwali," ndinatero, "dzuwa lachuluka, galasili likungonyezimira. Tiyeni kunyumba tikakhale pamthunzi."

Dzuwa linkanyezimiradi pa galasilo, koma ndinali nditaona kale zokwanira. Ndinaika foni m'chikwama changa, ndipo njira yonse inkanjenjemera pa nthiti zanga. Ndinaona kuti ena pamsewu ankadziwa kale, chifukwa ankatembenuza nkhope. Bambo wina wa kabaza anaima n'kuvula chipewa, ayambe kupepesa. Ndinamudula: "Achimwene, thamangani mukaitane Che Amidu ndi ashehe. Mukati amake Limbani akuwafuna kunyumba kwa Abiti Yusufu tsopano lino." Che Amidu ndi mlongo wake wamkulu wa Abiti Yusufu.

Mnzangayo anaima. Kumwetulira kuja kunatha. "Amake Limbani, inu munagwira ntchito ya mauthenga. Achimwene anga mukuwaitaniranji?"

"Tiyeni tikafike kunyumba, achemwali."

Sanafunsenso. Anandigwira pamkono mwamphamvu, tinapitiriza ulendo. Titafika anayala mphasa yekha pakhonde n'kukhala, maso ali kunjira. Che Amidu atabwera ndinawatengera kuseri, n'kuwapempha kuti tisanene kanthu tisanalankhule ndi munthu amene waona ndi maso ake. Tinaimbira mnyamata wina wa m'gululo. Anatsimikiza kuti Saidi anavulazidwa pa shopu ija, anamwalirira kuchipatala, ndipo Asilamu anzake anali akukonza zomuika komweko. Pamenepo amayi oyandikana nawo anali atadzaza pakhonde. Ashehe anakhala pansi, Che Amidu anagwada pafupi ndi mlongo wawo, n'kumuuza. Kulira kwake sindikulemba.

Masiku otsala a tchuthi changa anathera pansi pa mtengo wa mango wa pakhomopo. Amayi ankabwera ndi mafoni atakulunga m'mipango, aliyense ali ndi mwana kapena mwamuna ku Joni, aliyense ataona chithunzi chomuopsa. Ndinkaimba mafoni, kufunsa, kufufuza. Mtsikana wina anabwera atayamba kale kulira maliro a mwamuna wake, chifukwa cha chithunzi cha munthu wogona pamsewu wovala malaya ofanana ndi ake. Titaimba, mwamunayo anayankha ali ndi chakudya m'kamwa. Mtsikanayo analanda foni n'kuyamba kumukalipira m'Chiyao chifukwa chosaimba sabata yonse, misozi ikutsika, ife tonse tikuseka ndi kulira pamodzi.

Ndisanabwerere, abusa a mpingo wathu anandiitana. Anandionetsa kachipinda kuseri kwa tchalitchi, kokhala ndi sola padenga ndi makompyuta angapo amene abwenzi ena anapereka. Kanali kokhoma, fumbi lokhalokha, chifukwa kunalibe wokayendetsa. "Mayi," anatero abusa, "zimene mwachita pansi pa mango paja ndi zimene chipindachi chimadikira. Koma ndisakunamizeni, malipiro athu ndi a sopo chabe. Ndipo teremu ino ikatha opanda munthu, makinawa apita ku mpingo wina."

Bambo anu sanavute. Nditawafotokozera ku Chilomoni anati, "Ine mukandipeza ndamanga kale katundu. Injini za magalimoto sizinunkha nsomba, n'chifukwa chake sindinenepa kuno." Kenako anatsitsa mawu. "Koma Tadala?"

Funso linali lomwelo. Ndi malipiro a sopo sitikanatha kumusunga pa sukulu ija. Akanayenera kulowa sekondale yoyendera ya kwathu, yopanda labotale, mayeso a Fomu 4 ali chaka chamawa. Ndinalankhula naye Lamulungu masana, akusita yunifolomu. Ndinamuuza zonse, za foni, za mango, za kachipinda. Anamvetsera osakweza mutu, n'kuimika simbi.

"Ndiye Mulungu waitana inu, koma wolipira ndine?"

Sanalankhule mwamwano. Anangofunsa. Ndinafuna kuyankha ndi Malemba, ndipo anali ambiri pakamwa panga, koma palibe limene linkayankha funsolo. Abrahamu sanamufunse Isake pokwera phiri, n'zoona. Koma ine si Abrahamu, ndipo sindinamve mawu ochokera kumwamba. Ndinamva foni ikunjenjemera m'chikwama, basi. Ndikanalakwitsa pomasulira, wovulala akanakhala mwana.

"Ukakana sindipita," ndinatero.

"Zoona?"

"Zoona, pamaso pa Mulungu."

"Ndakana, amayi."

"Chabwino, mwana wanga."

Anapitiriza kusita. Ine ndinapita kukatsuka mbale zotsuka kale.

Masabata otsatirawo ndinapita ku ntchito monga mwa masiku onse. Pa mapemphero a pabanja, tsiku lina ndinayamba kupempha kuti Ambuye afewetse mitima yathu kuti timve kuitana kwake. Titati ameni, bambo anu ananditengera panja. "Amake Limbani, pemphero lija linali lopita kumwamba kapena kumpando wa Tadala? Mukafuna kumupempherera, kapempherereni kubafa, chitseko chotseka." Anali olondola. Kuyambira pamenepo nkhaniyo ndinkaiuza Mulungu yekha.

A Jere anaona kuti ndasintha, n'kundiitanira mu ofesi yawo. Nditawafotokozera anazunguza cholembera m'manja. "Amayi, kukubwera udindo wina wapamwamba, ndipo dzina lanu ndinalipereka kale. Sindikunena kuti ndikutsekereni njira, koma mudziwe." Kenako anaseka pang'ono. "Ine ndinkafuna kukhala mphunzitsi wa masamu kwathu. Koma ndinazolowera mphepo yozizira ya mu ofesi muno." Ndinawathokoza, n'kuwauza kuti mwina sindichoka n'komwe, chifukwa wosunga kiyi wa nkhaniyi ali Fomu 3.

Patapita masiku makumi anayi chimwalirire munthu, anzathu Asilamu amachita sadaka imene amaitcha arobaini. Ya Saidi inagwa Loweruka, teremu ili pafupi kutha. Popeza kunalibe manda oti amayi ake akaone, tsikulo linali ngati maliro enieni. Sindinamuuze Tadala kuti tipite. Anabwera yekha ndi kachikwama kake Lachisanu, n'kunena kuti, "Achimwene a Saidi ankandinyamula paphewa popita kudoko. Ndikupita chifukwa cha iwo, osati za zija."

"Ndamva," ndinayankha.

Mapemphero atatha ndipo anthu atadya mpunga, amayi aja anayambanso kundizungulira ndi mafoni awo. Uyu walandira uthenga woti wapambana mphoto, atumize kaye ndalama. Uyu foni yadzitseka. Uyu mwana wake ali pa basi yobwerera kumudzi koma sakudziwa kuti wafika pati. Tadala anakakhala patali, pa mtondo wogwetsa, atapinda manja. Ndili mkati mothandiza ena, ndinaona gogo wina woonda akumuyandikira ndi foni m'manja onse awiri. Mwana wake anamutumizira uthenga wa mawu, koma mdzukulu amene ankamutsegulira anali atapita kunyanja. Tadala anadina, mawu a mwamuna anamveka akulonjera m'Chiyao. Gogoyo anapempha kuti abwereze. Anabwereza. Anapemphanso. Kenako anafunsa ngati chinthucho chingathe kunyamula mawu ake kubwerera. Tadala anamuonetsa pogwira. Gogoyo anakonza mpango kumutu, anagwada pansi, n'kuyamba kulonjera foniyo mwaulemu wonse monga alonjerera mlendo wolemekezeka, kufunsa za thupi, za anzake, za kuzizira kwa kumeneko, n'kuuza mwana wake kuti mbuzi yabereka. Tadala anagwada naye kuti foni ikhale pafupi ndi pakamwa, dzanja lili m'mwamba mpaka gogoyo anamaliza.

Potsanzikana, Abiti Yusufu anamukoka Tadala n'kumukhazika pambali pake. Anali ataonda, mawu atasasa. Nkhani ya kachipinda anali ataimva kwa ena, pakuti ku Monkey Bay chinsinsi chimayenda pa kabaza. Ndinaopa kuti amupempha, koma anati, "Mwanangu, ndamva kuti unakana. Unachita bwino. Usapereke sukulu yako chifukwa cha misozi yathu. Ife tinazolowera kudikira. Amayi akowa ndi ouma mutu, ndimawadziwa, usawaope."

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi tinakwera minibasi yodzaza ndi madengu a usipa. Ine ndinali nditakonza kale mumtima mawu okawauza abusa pa foni kuti makinawo apite. Tikuyandikira Mangochi boma, Tadala analankhula akuyang'ana pawindo.

"Kachipinda kaja kali ndi makompyuta angati oyaka?"

"Sindinayatse onse."

"Kiyi wina akhale wanga. Ndikaweruka kusukulu ndizikhalamo mpaka kutseka, wina asandiuze kuti ndi za mpingo."

"Tadala, usanene chifukwa cha zimene waona dzulo. Chisoni chimatha, koma Fomu 4 ikubwera."

"Ndaganiza usiku wonse, amayi. Musandibwezenso." Anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso. "Koma chinthu chimodzi. Musadzaime m'tchalitchi kuchitira umboni kuti Tadala anavomera mokondwera. Sindikukondwera. Ndangovomera."

Kondakitala anatembenuka kufuna ndalama, n'kundipeza ndikulira. "Mayi, usipawu ukukulowani m'maso?" Tadala ndiye anamuyankha: "Asiyeni, achimwene. Achotsedwa ntchito ndi mwana wawo."

Monkey Bay, zaka zotsiriza za ntchito

A Jere ndi ana aja ananditsanzika ndi keke ndi nyimbo yosokonekera mawu. Anyamata a makompyuta anandipatsa foni yatsopano, n'kundiuza kuti tsopano ndafika ku Roma. Tinabwerera m'kanyumba kathu, bambo anu n'kubwerera ku injini zawo za maboti, ndipo ananenepadi.

M'kachipinda kaja ndinagwiramo mpaka mawondo atakana. Ankabwera Akhristu ndi Asilamu omwe. Tinkaphunzitsa amayi kutumiza mawu, kuzindikira mauthenga a akuba, ndi kufunsa kaye asanakhulupirire chithunzi. Ashehe ndi abusa anagwirizana kulengeza, wina mu mzikiti wina m'tchalitchi, kuti imfa ya munthu isaikidwe pa foni abale ake asanakhazikidwe pansi. Ena amamvera, ena ayi. Mitambo ikachuluka sola ankafooka, ndipo tinkagawana moto wa batire ngati mchere wa m'chaka cha njala. Nsapato zanga za ku Blantyre zinatha, sindinagule zina zotero. Koma sindinadulenso munthu mawu ali mkati mofunsa za moyo wanga.

Tadala analipiradi. Sukulu yoyendera inalibe zipangizo, aphunzitsi a sayansi anali ochepa, ndipo mayeso ake oyamba sanakhoze mokwanira kupita ku koleji. Tsiku lotuluka zotsatira anadzitsekera m'chipinda, ndipo ine ndinakhala pakhomo pa chitsekocho. Anzake a ku Blantyre anapita patsogolo, iye anabwereza kalasi. Sanandinenepo kuti ndi chifukwa cha ine, ngakhale anali ndi ufulu wonena. Chaka chachiwiri anakhoza. Lero ali ku Lilongwe, amalemba mapulogalamu a makompyuta, ntchito imene ine sindiimvetsa ngakhale andifotokozere kangati. Sindinena kuti kuchedwa kuja kunamuchitira ubwino. Chinali chaka cha moyo wake, ndipo anachipereka.

Lonjezo lija ndinasunga. Amayi a kumpingo anandipempha kangapo kuti ndichitire umboni za nkhaniyi, ndinakana. Pofuna kulemba mutu uno ndinamuimbira kaye kupempha chilolezo kachiwiri. Anaseka, n'kunena kuti, "Lembani, amayi. Koma mulembe kuti ndinakana kaye." Ndalemba, mwana wanga.

Tsono inu ana anga ndi zidzukulu zanga, ndi aliyense amene masamba ano adzamufika m'manja: Mulungu wa mtendere akupatseni ntchito yodyetsa thupi osaumitsa mtima. Akakuitanani kunjira yopapatiza, akupatseni maso oona amene akusenza nanu katundu, ndi kudzichepetsa kowafunsa. Akusungeni pamsewu ndi panyanja, kuno kwathu ndi kumaiko a eni. Dzanja lake likhale pamutu pa Tadala, pa Limbani, pa Chisomo ndi pa nyumba zawo, pa Abiti Yusufu mu ukalamba wake, ndi pa inu nonse, kufikira tsiku limene adzatiitana mayina mmodzimmodzi. Ameni.